Chiphaso cha Mudzatopa

Rhoda anafika pa tebulo la katemera thukuta lili kamukamu, akukoka galu pa chingwe cha chisale. Mzere unali utatha. Alangizi a ziweto, bambo Bakali, anali atayamba kale kulongedza mabotolo.

Mwezi umenewo galu wachiwewe analuma ana awiri kwa Kuntumanji, ndipo boma linalengeza kuti galu aliyense abayidwe, alembedwe m'kaundula. Wopezeka wopanda chiphaso kuyambira Lolemba adzawomberedwa.

"Dzina la galu?" anafunsa bambo Bakali.

"Mudzatopa."

"Mwini wake?"

Rhoda anayang'ana pansi. "Lembani Jafeti."

"Ine ayi!" Mawuwo anachokera pansi pa mtengo wa mango. Jafeti, yemwe anali mwamuna wake mpaka chaka chatha, anali atatsamira njinga, miyendo ili matope okhaokha a ku sikimu ya mpunga. Galu atamuona anadumpha, chingwe chinatsala pang'ono kuduka.

Banja lawo litatha, ankhoswe anagawa zonse. Njinga ndi wailesi zinapita kwa Jafeti, nyumba ndi mbale zinatsala kwa Rhoda. Za galu palibe anakumbukira. Mudzatopa anadzigawa yekha: ankagona pakhonde pa Rhoda, dzuwa likakwera n'kuthamangira ku munda wa Jafeti ku Likangala, komwe ankaswera.

"Make Tamanda, musandinamizire," anatero Jafeti. "Ndinali mkamwini. Chimene chakulira pamudzi panu n'chanu. Si mmene amalume anu anagamulira pa nkhani ya nthochi zija?"

"Nthochi zili ndi miyendo? Kagaluka munabwera nako ndinu, m'thumba la jekete, kuchokera ku Chisi. Ine zinthu za mwamuna ameneyu pakhomo panga sindizifuna."

"Nanga mumam'patsiranji mikute?"

"Nanga inu mumam'patsiranji mitu ya matemba?"

Amayi ogulitsa zitumbuwa pafupi anaseka. Bambo Bakali anakanda m'mutu ndi cholembera.

"Pepanitu, sindikumva. Galuyu amagona kuti?"

"Kwanga," anatero Rhoda.

"Ndiye ndi wanu."

"Koma amaswera kwanga," anatero Jafeti.

"Ndiye ndi wanu."

"Ayi!"

"Ndiye mwadzatani kuno?" bambo Bakali anafunsa Jafeti.

Jafeti anayang'ana tayala la njinga yake. "Lero sanabwere ku munda. Ndimayesa amuwombera kale."

Bambo Bakali anatembenuza kaundula kuti onse aone. Mpata wa dzina unali umodzi, waung'ono ngati chikhadabo.

"Boma silidziwa galu wa nyumba ziwiri. Ndikasiya popanda dzina, ameneyu ndi galu wosokera. Osokera ndi amene anyamata a mfuti amayambira. Ine galimoto ikundidikira."

Mudzatopa anagona pakati pawo, mutu pa phazi la Jafeti, mchira ukumenya chitenje cha Rhoda.

"Madzi akatayika saoleka," ananong'ona Jafeti. "Ndikalembedwa ine, anthu adzati ndikufuna njira yobwererera."

"Ndikalembedwa ine adzati ndikusungirani malo."

"Adzanena ndithu," anatero mayi wa zitumbuwa. "Ngakhale pano tikunena."

Bambo Bakali anatseka kaundula.

"Tsegulani," anatero Rhoda msanga. "Lembani Rhoda. Anene, pakamwa mpawo."

Jafeti anagwira galu kukhosi pamene singano imalowa. Kenako bambo Bakali anang'amba kapepala kachikasu n'kupatsa Rhoda.

"Musataye. Amfuti akakumana naye galuyu, chiphaso chikhale pomwepo. Anyamata aja safunsa kawiri."

"Pomwepo pati?" anafunsa Rhoda. "Iwo amayenda nthawi yanji?"

"Masana. Nthawi zina m'mamawa."

"Masana amakhala kwa awa. M'mamawa amakhala kwanga."

"Ndiye mum'mangirire."

"Anadula kale zingwe zitatu."

Bambo Bakali anakweza mapewa, nanyamula bokosi lawo. Zimenezo, anatero, m'buku lawo munalibe.

Rhoda anatembenuza kapepalako kangapo. Anayang'ana dzuwa, lomwe linali lisanafike pamutu, kenako anayang'ana galu. Anamasula chingwe, ndipo Mudzatopa anathamangira pa njinga.

"Eni," anatero, akupereka chiphasocho osamuyang'ana Jafeti kumaso. "Chisanyowe. Mukaweruka mubwere nacho, mawa m'mawa mudzachitenge."

"Tsiku lililonse?"

"Mpaka amfuti atadutsa. Koma muziima pa mpanda, bambo a Tamanda. Musalowe."

Jafeti anapinda kapepalako kawiri, nakaika m'chipewa.