Khonde Lofiira la Felistas

Nyumba yathu ya ku Mindolo inamangidwa ndi amgodi ine ndisanabadwe. Ndinalowamo mu 1974 ndi mkazi wanga Felistas. Tsopano Felistas ali kumanda, ndipo mwana wanga Gershom, amene amakhala ku Riverside, akuti nyumbayi ndi yachikale.

Atazula mawindo achitsulo ndinakhala chete. Atalowetsa chimbudzi m'nyumba ngati mlendo wolemekezeka ndinakhalabe chete. Koma atatsitsa matailosi pakhonde, ndinatulutsa mpando n'kukhala pomwepo.

Khonde limenelo Felistas ankalipaka polishi yofiira Loweruka lililonse, atagwada pathumba. Akatero ankaponda bulasho ndi phazi limodzi, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi, mpaka munthu kudziona nkhope. Azimayi a mumzere wathu ankapikisana, koma palibe anamuposa. Ine pochokera kumgodi ndinkavulira jombo pamsewu.

"Atate, anthu anasiya zimenezi," anatero Gershom. "Polishi imadetsa zovala."

"Amako anadetsa ndani?"

Mpongozi wanga Tamara anagwada. "Atate, mudzaterereka, mudzathyoka chiuno." Amalankhula mokoma akafuna chinthu.

Ananditumiza kwa mlongo wanga ku Kawama, ati ndikapumuleko kutali ndi fumbi. Ndinadziwa ine. Pobwerako khonde linali loyera ngati chipatala.

Mwezi usanathe matailosi anayamba kulira munthu akaponda. Imodzi inatukuka. Ndinaikankha ndi ndodo, ndipo pansi pake panali pofiira, simenti itangouma osagwira.

Calvin, mmisiri wawo, anakanda mutu, n'kunditchula agogo m'Chibemba. "Ba shikulu, pansi apa panamwa polishi zaka zambiri. Simenti ikukana. Tikufunika kugoba khonde lonse ndi hamala, tiyambenso."

Ndinayang'ana Gershom. Iye ananjuta, n'kupukuta pofiirapo ndi chala. Panawala.

"Amama ankandikwapula ndikaponda apa ndi matope," anatero.

"Ankakukwapula pang'ono."

Gershom anaimirira. Kenako anauza Calvin kuti achotse matailosi onse, koma hamala ayi.

Loweruka Tamara anabwera ndi chitini cha polishi. Amapaka mochulukitsa, ndipo bulasho amaligwira ndi manja. Ndinamuuza, sanamve. Komabe madzulo dzuwa linagwa pakhondepo monga kale, ndipo ndinavula nsapato ndisanakwerepo.

Matailosi aja anawaunjika kuseri kwa nyumba. Sanawagulitse. Ndikudziwa chimene akudikira.