Zenera Loimba Likhweru

Mudzi wathu ndi wakale moti alendo amabwera kudzajambula makoma athu. Nyumba zonse n'zamiyala, ndipo salola kusintha chilichonse chooneka kumsewu, ngakhale utoto wa chitseko. Alendowo amati n'zokongola. Sanagonemo nyengo yozizira.

Chaka chomwe ndinamaliza sukulu kunabwera amisiri odzakonza nyumbazi kuti zizisunga kutentha. Anayala zonga thonje pamwamba pa siling'i, masola n'kuwabisa kudenga lakuseri. Mazenera akale sankawachotsa. Ankamata mipata yake yonse, kenako n'kuika zenera lina lagalasi chamkati.

Ine mtima unali utapita kale kutauni, komwe azakhali anandipezera ntchito m'sitolo ya maluwa. Chikwama ndinali nditalongedza. Koma amayi atamwalira ndinalumbira kuti sindidzachoka bambo akugonabe m'chipinda chozizira, chifukwa mphepo ikangoyamba, chifuwa chawo chinkamveka mpaka kwa aneba.

Kwathu anatumiza kalipentala wachinyamata, wamtali, pensulo kukhutu. Anzake ankamutcha Utuchi poti sunkachoka m'tsitsi mwake. Ndinamupangira tiyi asanapemphe, ndipo shuga ndinathira mopitirira.

Anamaliza pabalaza ndi kukhitchini. Polowa kuchipinda kwa bambo, anawapeza ataima kutsogolo kwa zenera, manja kumbuyo.

"Ili lokha ayi, mwana wanga."

"Bambo, lomweli ndi limene likulowetsa mphepo," anatero Utuchi. "Taonani, felemu inapindika apa, chala chikuchita kulowa."

"Chichotsepo chala chakocho."

Ndinapsa mtima. "Ababa, basi ya Loweruka indisiye chifukwa cha thabwa lopindika? Mudzi wonse amata, inu nokha!"

Bambo anangokweza dzanja kuti tikhale chete. Kunja mitengo inagwedezeka, ndipo zenera lija linaimba likhweru, kawiri, koyamba motsika, kachiwiri mokweza, ngati mnyamata amene wabisala kuseri kwa mpanda.

"Wamva?" anatero bambo. "Chibwenzi cha amayi ako."

Ndinali nditaiwala, ine! Ndili wamng'ono, zenerali likaimba, amayi ankaimitsa makina osokera, n'kukonza tsitsi, n'kuyankha kuti, "Ndikubwera, wokondedwa, mdalayu achokepo kaye." Bambo ankavula nsapato n'kumaliopseza zeneralo, amayi akuseka mpaka misozi.

"Ndalimbana naye zaka zonsezi," anatero bambo, akusisita felemu ija. "Pano tatsala awiri, ine ndi iye. Lero ndimutseke pakamwa?"

Utuchi anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana zenera latsopano lomwe linatsamira khoma, pepala likadali m'makona mwake. Kutauni ndinkakufunabe.

"Nanga mutapanda kumata?" ndinafunsa. "Mungoika lamkatili basi?"

"Achemwali, ife timamata kaye."

"Sindinafunse zimene mumachita. Mphepo ingadutse lamkatili?"

Anakanda m'mutu, utuchi n'kugwera pabedi la bambo. "Nditaika labala m'mbali monse, singadutse. Koma ndikafunse kaye akapitawo."

"Thamangani, nanga miyendo yonseyo n'njachiyani?"

Anapita, n'kubwera akumwetulira. Akapitawo anati bola kuchipinda kukhale kotentha. Anagwira ntchito madzulo onse, ine nditamugwirira galasi, ndipo ndinaona kuti ali ndi kachipsera kakang'ono pachala chachikulu. Zenera lamkatilo analiika pa mahinji, ndi kachitsulo kotsekera kofewa koti bambo asamavutike nako.

Atalitseka, chipinda chinangoti zii. Nsalu yapazenera, imene moyo wanga wonse inkavina yokha, inaima chilili. Bambo anakoka kachitsulo kaja, n'kutsegula pang'ono. Tinadikira. Likhweru linabwera, kawiri, monga kale. Anatsekanso okha.

"Muzitsegula masana okha, ababa, pang'ono basi," ndinatero. "Ndikamva kuti mwagona lili lotsegula, ndibwerera."

"Ukatero ndiye ndizilitsegula tsiku ndi tsiku," anayamba, kenako anaseka n'kundigwira tsaya. "Pita, mayi. Ndizitseka."

Masiku otsatirawo ndinkatchera khutu m'mawa uliwonse. Anatsokomola kamodzi kokha, ndipo kunali kutsamwa tiyi.

Loweruka anandiperekeza kumsewu, atanyamula chikwama changa ngakhale ndinawakaniza. Tikudutsa nyumba yachitatu, pamwamba pa makwerero a Utuchi panamveka likhweru, kawiri, koyamba motsika, kachiwiri mokweza. Sindinatembenuke, koma makutu anga anatentha, ndipo dzanja linapita lokha kutsitsi.

Bambo anaika chikwama pansi.

"Ameneyo si zenera," anatero, akuwerama kuti avule nsapato.

Basi inatulukira pakona onse awiri akuseka, ndipo ndinakwera.