Mpini wa muwanga

Nkhwangwa inauluka Loweruka m'mawa. Taizya ankawaza nkhuni kuseri kwa nyumba ku Nangongwe. Chitsulo chinaguluka pampini, n'kukazikika pansi pafupi ndi phazi la mkazi wake, Winfrida.

"Ichoke pano lelo," anatero Winfrida. "Kagulitseni ku ba sikilapu, aja ogula zitsulo zakutha. Mufuna niziyenda na mwendo umozi?"

Taizya anatola chitsulocho. Nkhwangwayo inali ya malemu bambo ake. Iwo anabwera nayo kuchokera ku Katete podzayamba ntchito ya njanji. Mwa katundu wawo yense, inatsala yokhayo. Mpini wakale utathyoka, Taizya anangoboola kathabwa ka paini n'kulowetsamo chitsulocho.

Mnzake Collins, wowotcherera zitsulo, anasuzumira pampanda. "Leta niiwotchelele ku paipi, boi. Siizaulukanso."

Taizya anakayikira. Anakulunga nkhwangwayo ndi kathabwa kake m'thumba n'kupita kumsika kwa ba Obed, mmisiri wosula makasu. Anawafotokozera zonse, ndi nzeru ya Collins yomwe.

Ba Obed anachitembenuza chitsulocho, n'kuchigogoda ndi nyundo. Chinalira bwino.

"Anasula ni munthu woziba nchito," anatero. "Moto wa Collins uzachifewetsa, ndipo paipi izakulasa m'mapewa. Nanga aka kathabwa, unali kupanga benchi?"

Anamuonetsa mchira wa chitsulocho, wosongoka ngati msomali, wonka nukula chakumaso. Kenaka anatulutsa mpini wa muwanga wa mutu wonenepa, wodulidwa pamene nthambi imakumana ndi thunthu.

"Apa mtengo ni wopotana, sung'ambika. Ukatema, chitsulo chiloba mukati, chigwila. Paini ing'ambika chabe."

Anaboola mutuwo ndi chitsulo chamoto, utsi uli tolotolo. Analowetsamo nkhwangwa, n'kumenyetsa mutu wa mpini pachitsa katatu.

"Uzichita so lyonse ukalibe kutema. Ikagwedela, leka. Ndipo pasogolo pako pasaimilile munthu."

Kunyumba, Winfrida anaima patali, manja m'chiuno. Taizya anawaza chipika chonse. Chitsulo chili nganganga. Winfrida anabwera, n'kuchigwedeza yekha. Sichinasunthe.

"Ikhale," anatero.

M'mawa mwake anakazinga nsomba ziwiri zazikulu, n'kuzivundikira m'mbale.

"Pelekani kuli ba Obed. Mubauze ati mwendo wanga wayamika."

Taizya ananyamula mbaleyo ndi manja awiri. Njira yonse ankaganiza za bambo ake, mmene ankagogodera mpini pachitsa asanateme. Iye ankayesa ndi chizolowezi chabe.

Phunziro: Chida chakale chinapangidwa motero pa chifukwa. Musanachisinthe kapena kuchitaya, kafunseni mmisiri. Musanateme, yang'anani mpini.