Reeve wa Nkhumba

Chipale chofewa chinali chitayamba kusungunuka, ndipo kamvula kozizira kankagwa kosaleka. Tinalowa mu holo ya tauni nsapato zili matope okhaokha. Unali msonkhano wa pachaka wa mwezi wa Malichi, umene timasankha maudindo ndi kukangana za misewu.

Ndinakhala kumbuyo, pamalo anga. Mwana wanga Corinne anadzakhala pambali panga. Chimwalirireni mayi ake, Althea, ankandilondera ngati mwana wophunzira kuyenda. Pawindo la khitchini, mmene amayi a kutchalitchi ankakonza chakudya cha masana, ndinkaona msana wa Verna Thibodeau, mayi wamasiye amene ndinkakacheza naye mobisa. Sanacheuke.

Dzulo lake anali atandiuza mosazungulira. "Orrin, ndatopa ndi mwamuna woimika galimoto kuseri kwa khola kuti anthu asaione. Mwana wanga akundiitana kuti ndikakhale naye kutali uko ku Maine. Msonkhano ukatha ndimuyankha."

Ine ndinangovala chipewa n'kutuluka. Ndi mmene ndilili.

Za misewu zitatha, wapampando anafika pa maudindo akale. Bambo wina amene anasamukira kuno kuchokera ku Boston anakweza dzanja.

"Pepani, kodi hog reeve n'chiyani? M'tauni muno muli nkhumba ngakhale imodzi? Bwanji tingoufafaniza udindowu?"

Dokotala Haskell, amene anapuma pantchito kalekale, anadzuka atagwira mpando wa kutsogolo kwake.

"Achimwene, reeve ndi mawu akale a ku England. Anali munthu amene anzake a m'mudzi ankamusankha kuti aziyang'anira minda ndi ziweto, ntchito yosasiririka. Woyang'anira chigawo chonse, chimene ankachitcha shire, anali shire reeve. Pakamwa pa anthu mawuwo anatha ngati sopo, lero ndi sheriff amene amakuimitsani mukathamangitsa galimoto. Makolo athu anawoloka nawo nyanja mawuwo n'kupatsa munthu wogwira nkhumba zolowa m'minda ya eni. Ine masiku amenewo mukananditcha leech, kutanthauza wochiritsa."

"Timakutchanibe choncho mukapereka msana, adokotala!" anafuula Wendell Pike. Poti dzinalo ndi la msundunso, holo yonse inafa ndi phwete.

"Iwe Wendell, ndinakulandira ndine pobadwa, ndipo unayamba ndi phokoso lomweli," anatero dokotalayo. Kenako anatembenukiranso kwa wa ku Boston uja. "Kuno udindowu timapatsa mwamuna amene wangokwatira kumene, kapena amene tsiku lake la ukwati layandikira. Mukaufafaniza, za anthu tizizidziwa bwanji?"

Wapampando anayang'ana pamwamba pa magalasi. "Chaka chino sitinadye ukwati. Pali dzina?"

Wendell anadzuka. Iyeyu ndi mlongo wake wa Althea. Chichokereni kumanda tinkangopatsana moni wa mutu.

"Ndikutchula mlamu wanga, Orrin Blodgett."

Phwete lija linauma. Wina anatsokomola. Kukhitchini supuni inasiya kugunda mphika. Sindinadziwe ngati Wendell akundinyoza kapena akundikankha. Nkhope yake inalibe nthabwala.

"Ndikuikira kumbuyo," anatero dokotala Haskell ali chikhalire.

Corinne anadzuka mwamphamvu mpaka mpando kugwa.

"Amalume, manyazi mulibe? Bambo anga ali ndi mkazi. Ali kuseri kwa tchalitchi uko, ndipo maluwa amakaika ndi iwowa Lamlungu lililonse."

"Anali mlongo wanga iwe usanabadwe, Corinne," anayankha Wendell motsitsa mawu. "Maluwawo ndimawaona. Galimotonso ndimaiona. Khola la a Thibodeau ndi lalifupi, mchira wa galimotoyo umatulukira."

Palibe anaseka. Corinne anatembenukira kwa ine.

"Bambo, akunena chiyani? Auzeni kuti akunama."

Ndinayang'ana manja anga. Kukana kunali kosavuta. Mawu awiri okha, holo ikanapita ku nkhani ina, mwana wanga akanakhala pansi, ndipo Verna akanaimba foni ku Maine dzuwa lisanalowe. Kuvomera kunali kuima pamaso pa anthu amene ananyamula bokosi la mkazi wanga n'kuwauza kuti mtima wanga wayambanso kuyenda.

"Orrin," anatero wapampando, "lamulo silikukakamiza. Ukhoza kukana. Koma uyankhe, anthu ali ndi njala."

Ndinadzuka.

"Sakunama, mwana wanga," ndinatero. Kenako kwa wapampando: "Nkhumba sindiziopa. Koma sindine ndekha woyankha."

Mitu yonse inatembenukira kuwindo la khitchini. Verna anali ataima pamenepo, manja ali mu epuloni, tsaya limodzi lili ufa. Anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinamva madontho a mvula akugwera mu chidebe cha pakhomo.

"Orrin Blodgett," anatero, "nyengo yonse yachisanu ndakudikirirani kuti mutsegule pakamwa. Lero ndiye mukundifunsira pamaso pa tauni yonse, pa nkhani ya nkhumba?"

"Eya."

"Basi? Eya?"

"Eya, Verna."

Anapukusa mutu, natulutsa dzanja limodzi n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwake.

"Mulumbiritseni msanga munthuyu asanasinthe maganizo. Nyemba zikuzizira."

Holo inaphulika, ena kuomba m'manja, ena kulira ngati nkhumba. M'phokoso limenelo ndinamva chitseko chikumenyetsedwa. Mpando wa Corinne unali chigonere pansi, ndipo palibe anaudzutsa.

Ndinapita kutsogolo, ndinakweza dzanja lamanja, ndinalumbira kuti ndidzagwira mokhulupirika nkhumba iliyonse yosochera m'tauni yathu. Wendell anandigwira chanza, ndipo anachedwa kulitaya dzanjalo. Pawindo la panja ndinaona galimoto ya Corinne ikadali pomwe anaiimika, injini yosaliza, iye mutu uli pachiwongolero.

Verna naye anaiona. Anapakula nyemba m'mbale ziwiri n'kundipatsa.

"Pitani. Ine sindikuchoka."

Ndinanyamula mbalezo, ndinatuluka pamvula, ndinakagogoda pagalasi la galimoto ndi chigongono.