Ukwati Wonamizira wa ku Mufakose

Mu 1978, nkhondo itafika povuta kumidzi, anthu ankathawira ku Salisbury ndi timitolo pamutu. Augusta, mtsikana wa ku Tete amene makolo ake anafera m'njira, anafikira kwa Mayi Effie Alufandika ku Mufakose, lokesheni ina ya mumzindawo. Vuto linali lakuti apolisi a khonsolo ankayenda khomo ndi khomo, kuthamangitsa aliyense wosaloledwa kukhala m'lokesheni.

Mayi Effie anachita zimene ambiri ankachita masiku amenewo. M'chipinda chakuseri munali mwamuna wochita lendi, Marcos, wogwira ntchito kufakitale.

"Apolisi akabwera, uzinena kuti ndiwe mkazi wa Marcos," anatero. "Katundu wako akhale mmenemo. Ndi ukwati wapakamwa chabe, mwanawe."

Wapakamwa? Ha! Marcos sanaumve choncho. Anayamba kumutsekereza pakhomo ndi kumugwiragwira. "Ngakhale apolisi akudziwa kuti ndiwe wanga," ankatero. "Ukandikana ndikakunenera."

Augusta atadandaula, Mayi Effie anangoti, "Amuna ndi choncho, uzimuzemba. Kapena ukufuna kubwerera kuzipolopolo?"

Tsiku lina masana, Mayi Rosa, namwino wa kukiliniki amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo, anapeza Augusta atabisala kuseri kwa chimbudzi, mkono utatupa. Marcos anali ataupotokola pomukokera m'chipinda. Mayi Rosa anamumvetsera mpaka kumaliza, anamupempha chilolezo choti akaikambe nkhaniyo, kenako anapita naye kwa Mayi Effie.

"Anzanga, mwanayu mwamubisa kwa apolisi, chabwino. Nanga mwamupereka kwa ndani?"

"Maiwe! Inetu ndimathandiza," anatero Mayi Effie.

"Anakuuzani mwanayu. Munamuyankha chiyani?"

Manyazi anawagwira koopsa Mayi Effie. Iwo, mtsogoleri wa amayi a Mvano, amene Lachinayi lililonse ankalalikira za kuchereza alendo!

"Wothawa nkhondo alibe kwina kopita," anapitiriza Mayi Rosa. "N'chifukwa chake ena amamudyera masuku pamutu. Akadandaula, mukhulupirireni. Agone ndi akazi anzake. Ndipo musamutche mkazi wa munthu, ngakhale monamizira."

Tsiku lomwelo Mayi Rosa anapita ndi Augusta kukiliniki. Bambo Alufandika, amuna a Mayi Effie, ataweruka kuntchito n'kumva nkhaniyo, anaitana akulu ampingo, ndipo Marcos anauzidwa kuti alongedze. Abusa anaperekeza Mayi Effie ku ofesi ya lokesheni kukapempha kuti Augusta akhale ngati mwana wa m'banjamo. Anayendera kangapo, mapeto ake analoledwa. Amayi a Mvano atafufuza m'mizere ya nyumba, anapeza atsikana enanso a maukwati onamizira, n'kuwasamutsa kuti azikagona ndi akazi anzawo.

Koma mtima wa Mayi Effie sunakhale pansi. Mzimayi wamkulu uja anagwada pamaso pa kamtsikana.

"Augusta, ndinakulakwira. Ndikhululukire."

Augusta anawadzutsa, misozi ili mbwembwembwe. "Amayi, mfuti ndinkaziopa. Koma kumeneko ndinkatha kuthawa. M'chipinda muja ndikanathawira kuti?"

Abale, kulandira wothawa nkhondo ndi chinthu chabwino, koma denga lokha silikwanira. Mupatseni pogona potetezeka. Akanena kuti wina akumuvutitsa, mumvereni nthawi yoyamba yomweyo, mupite naye kuchipatala, ndipo muuze anthu amene angathandize. Wochita manyazi akhale wozunzayo, osati wozunzidwa.