Thanga la Gerishomo

Gerishomo anasoka yekha thanga lake ndi matumba a ufa, ndipo padoko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, panalibe bwato lothamanga ngati lake. Nchifukwa chake azakhali a Elenala anamupeza kuseri kwa thandala la matemba, nalankhula monong'ona.

"Mwana wanga, mtsikanayu umuwolotse. Bambo ake aja anathyoledwa nthiti ndi Ayufi, anyamata a chipani, chifukwa chokana kugula khadi la chipanicho, ndiye anathawira kutsidya, kwa Apwitikizi. Akuti ali chigonere, akungoitana dzina la mwana wawoyu."

Gerishomo anavomera mawu asanathe. Kuyambira kale ankamuona Elenala akudutsa ndi mtolo wa mpunga pamutu, koma pakamwa pake pankauma asanamupatse ngakhale moni.

Ananyamuka m'mawa, Elenala atavala jekete ndi chipewa ngati msodzi, Ayufi ali kalikiliki kufunsa makhadi padoko. Mphepo ya mpoto inadzaza thanga, bwato n'kumang'amba madzi. Atapitirira chilumba cha Chisi, mtsikana uja anavula chipewa, napumira m'mwamba.

"Achimwene, tifika liti?"

Ndi mphepo imeneyo akanafika mawa lake. Gerishomo anayang'ana khosi lake, ndi tsitsi lomwe mphepo inkaseweretsa, ndipo anangomva pakamwa pake pakuyankha.

"Mpoto uwu ndi woipa, achemwali. Kutsogoloko umagubuduza mabwato. Tiudikire uleke."

Anatsitsa thanga, nalowetsa bwato m'njedza, udzu wautali wa m'nyanjamo, momwe munali chimbowera chosiyidwa, kanyumba ka asodzi koyandama pa udzu. Elenala anali mwana wa kumunda, za mphepo sankazidziwa. Anakhulupirira.

M'njedzamo munali bata. Gerishomo ankagwira nsomba za makumba n'kumuwotchera, ankamuthyolera maluwa a kakombo, ankamuonetsa mbalame n'kumuuza mayina ake. Iye ankagona m'bwato, mtsikana m'chimbowera. Kukacha ankalumbira mumtima kuti lero lokha anena za kukhosi, kenako akweza thanga. Koma Elenala akatuluka, funso linali lomwelo.

"Mphepo ija yasintha?"

Iye ankanyowetsa chala, n'kuchikweza m'mwamba, n'kupukusa mutu. Tsiku limodzi lokha, ankadziuza choncho, bambo akewo ndi munthu wolimba.

Chomwe chinawachotsa m'menemo ndi ludzu. Madzi a m'chigubu anatha, ndipo a Chilwa ndi amchere. Anakweza thanga mawu aja akadali kukhosi.

Kutsidya anapeza a Fanuelo, msodzi wachikulire amene ankamudziwa Gerishomo, akusoka ukonde pamthunzi.

"Iwe Gerishomo, wayamba kusodza akazi tsopano? Mwanyamuka liti ku Kachulu?"

"Sabata yatha, bambo," anayankha Elenala atagwada. "Mphepo inatitsekera njira."

"Mphepo iti, mayi?" A Fanuelo anaseka mpaka kutsokomola. "Mpoto waomba mokoma masiku onsewa, ngakhale mabwato obooka awoloka! Kapena ukwati mwachitira m'njedza osatiitana? Ndinu mwana wa yani?"

"Wa a Wilisoni, a kwa Mwambo. Akudwala kuno."

Kuseka kunathera pomwepo. Mkulu uja anaika pansi ukonde, navula chipewa.

"Pepani, mayi. Tawaika dzulo. Mpaka dzana ankatituma kugombe kuno kuti tione ngati kukubwera thanga."

Elenala sanalire. Anadzuka pang'onopang'ono, natembenukira kwa Gerishomo, amene anali ataimirira m'madzi olekeza m'mawondo, chingwe cha bwato chili m'manja.

"Achimwene, akunena zoona?"

Iye anayang'ana pansi.

"Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Apo ndi pomwe mawu aja anatuluka, opanda mchere, pamaso pa nkhalamba ndi ntchentche za padoko.

"Ndimakukondani, Elenala. Ndinkafuna ndikuuzeni kaye."

Mtsikana uja anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mphutsi m'chakudya chomwe wadya kale. Kenako anatembenuka.

"Bambo, ndilondolereni kumanda."

A Fanuelo anatola ndodo yawo. Asanatsogole anayandikira m'mphepete mwa madzi, nalankhula motsitsa mawu.

"Usagone kuno iwe. Alongo ake a mtsikanayu, omwe anabwera ndi malemuwa, ali m'mudzi muno, ndipo ine sindidziwa kunama."