Dzanja Loyezedwa Kakhumi

Odwala ndiwo anamupatsa dzina lakuti Chiwongola, ndipo iye sanalikane. Mayi ameneyu akagwira bondo lokana kupinda, bondolo linkasiya makani. Ntchito ya mafizo, yowongola ziwalo, anaiyambira m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya penti. Munali bedi limodzi, zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, ndi dengu la timipira tofinya. Odwala sitiroko, othyoka miyendo ndi ana ochedwa kuyenda ankadikira pabenchi la pakhonde.

Mbiri itamveka, benchi linachepa. Apa m'pamene analowerera mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, munthu wokonda mapepala moti antchito ankamutcha a Mafayilo. Sanali munthu woipa, kungoti akaona khoma lopanda kanthu ankafuna kukhomapo ndandanda. Chaka chisanathe, kachipinda kaja kanabereka nthambi zinayi ndi madokotala a mafizo khumi.

A Mafayilo anaika malamulo awiri, ndipo lililonse palokha linali lanzeru. Loyamba linali lakuti madokotala azisinthana nthambi sabata iliyonse, kuti pasapezeke wodandaula kuti anamuponya kutali. Lachiwiri linali lakuti dokotala akakumana ndi wodwala koyamba, amuyeze bwinobwino ndi kudzaza fomu yobiriwira. Chiwongola anasayinira onse awiri ali m'galimoto, akuthamangira msonkhano. Masiku amenewo manja ake ankangogwira chiwongolero ndi foni.

Lolemba lina m'mawa anafika ku nthambi yachitatu kudzaweruza mlandu wa makiyi a kabati. Pamalo olandirira alendo anapeza bambo wachikulire, wovala shati yosokedwa bwino kwambiri, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Pambali pake panali mwana wake wamkazi, nkhope ili gwaa.

"Mayi, inu ndinu eni ake a pano?" anafunsa bamboyo, mawu akukoka pang'ono.

"Ndine, bambo. Tikuthandizeni?"

"Ayi, ndabwera kudzatsanzika. Si bwino kungosowa ngati wakuba."

Mwana wake analanda mawu. "Bambo angawa ndi telala. Sitiroko inawagwira miyezi itatu yapitayo. Takhala tikubwera Lolemba lililonse, masabata khumi, osajomba. Dzanja lake ndi limenelo mukulionalo."

"Amakuchitani chiyani mukabwera?"

"Amandiyeza," anatero telala. "Kubwera wamtali, kundiyeza. Kubwera wamandala, kundiyeza. Kubwera kamtsikana koseka bwino, nakonso kundiyeza. Akamamaliza kulemba, nthawi yatha. Amvekere, sabata yamawa tiyamba. Sabata yamawayo ndipeza nkhope ina." Anapumira kaye. "Mayi, ine ndayeza anthu zaka makumi atatu. Munthu ndimamuyeza kamodzi, kenako ndimasoka."

Chiwongola anaitanitsa fayilo yake. Munali mafomu obiriwira khumi, olembedwa ndi manja khumi osiyana, onse odzazidwa mwaukhondo. Anawayala patebulo motsatana ndi masiku. Manambala ake ankanena chinthu chimodzi: sabata iliyonse zala zinkatseguka mocheperako kuposa sabata yapitayo. Chipatala chake chinalemba mosamala kwambiri momwe dzanja la munthu linkafera.

Anachita manyazi, manyazi otentha m'makutu. Iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti dzanja la sitiroko limamvera m'miyezi yoyambirira, ndipo likauma lauma. Anavula jekete, n'kukwinya mikono ya bulauzi.

"Bambo, musanatsanzike, ndibwerekeni dzanjalo."

"Mukaliyeze?"

"Ndikaligwire."

Analigwira mphindi makumi anayi, osalemba kanthu. Anatenthetsa mkono ndi nsalu yofunda, n'kuyamba kutambasula chala chimodzichimodzi. Chala chachikulu chinali chikadali ndi moyo, cholozera ndi chapakati zinkayankha patalipatali. Ziwiri zakumapeto zinali zitauma ngati zikhadabo za nkhuku.

"Mukufuna dzanjali lidzachite chiyani?" anafunsa.

Telala anamuyang'ana modabwa. Pa mafomu khumi aja panalibe funso limenelo.

"Lidzagwire sizasi. Makina ndipondera ndi phazi, nsalu ndikankha ndi lamanzere. Koma kudula, mayi, telala wosadula si telala."

"Ndipatseni masabata asanu ndi atatu, katatu pa sabata. Nkhope muzipeza ndi yomwe ino, muchita kutopa nayo."

Mlandu wa makiyi sanauweruze. Masana omwewo anakalowa mu ofesi ya mlamu wake n'kumuyalira mafomu khumi aja pamwamba pa mafayilo ena.

"Alamu, tawerengani."

A Mafayilo anawerenga, n'kukanda m'mutu. "Apa pakufunika fomu ina, yoti dokotala azilemba zosiyira mnzake. Ya chikasu."

"Alamu, mukandibweretsera fomu ina ndikuphikirani muidye. Tamverani. Nthambi ziwiri tikutseka, titsala ndi ziwiri zoti ndingathe kufikako tsiku lililonse. Zosinthana zatha. Wodwala mmodzi, dokotala mmodzi, kuyambira tsiku lolowa mpaka tsiku lotuluka. Kuyeza kamodzi pa mwezi. Khadi limodzi, ndipo pamwamba pake pazilembedwa chimene wodwalayo akufuna kudzachita, m'mawu ake."

"Nanga madokotala khumi akwana m'nyumba ziwiri?"

"Asanu m'mawa, asanu masana. Mabedi a kotsekako tibweretsa kuno."

"Koma anthu adzati tagwa."

"Anene. Mapanga awiri avumbwitsa, ndiye ife tinali ndi anayi."

"Nanga ine ntchito yanga ikhala yotani?"

Apa Chiwongola anafewa, chifukwa mlamu wakeyo anafunsa ndi mawu a munthu amene wamenyedwa mbama pagulu. "Pali anthu oposa zana oti aimbiridwe foni, auzidwe kopita ndi dzina la dokotala wawo. Amene kwawatalikira, galimoto yathu izikawatenga. Palibe angalongosole zimenezo kuposa inu."

Analongosoladi, ndipo sipanasowe ndi mmodzi yemwe. Zina sizinayende bwino. Madokotala awiri amene anazolowera kuyendayenda anasiya ntchito. Mayi wina wa ku nthambi yotsekedwa anabwera kudzakalipa mpaka mawu kutha. Chiwongola anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kupepesa, koma sanasinthe maganizo.

Telala ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anayamba ndi kutola mabatani m'mbale, kenako kutsegula zopanira zovala. Ankatuluka thukuta ndi kutukwana chapansipansi, Chiwongola n'kumanamizira kusamva. Sabata yachinayi anadula pepala, mzere wake wokhota ngati njira ya woledzera. Sabata yachisanu sizasi inamugwa katatu, ndipo ananena kuti sabweranso. Lolemba anali woyamba kufika.

Lachisanu lomaliza mwana wake anabweretsa nsalu yabuluu, choko ndi sizasi yeniyeni ya ntchito, yolemera, ya zogwirira zakuda. Anayala nsalu pabedi la odwala. Telala anajambula mzere ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa chala chachikulu cha dzanja lamanja m'bowo limodzi la sizasi, ziwiri m'bowo linalo. Sizasi inaluma nsalu, kwee, kwee, pang'onopang'ono, mpaka kutulukira tsidya lina, osaphonya choko. Mwana wake anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira.

Chiwongola anasangalala kwambiri, koma maso ake anali pa zala ziwiri zakumapeto zija, zomwe zinali zopindikabe.

"Bambo, ndisakunamizeni. Ziwirizi sizidzabwerera. Tikanayamba tsiku lomwe munafika, mwina zikanabwerera. Tinakuchedwetsani ndife, ndipo mlanduwo ndi wanga."

Telala anaziyang'ana zalazo kwa kanthawi.

"Ndikudziwa, mayi. Ndinadziwa kale." Anakokera nsalu yotsalayo pafupi. "Zapuma pantchito zimenezo, zisiyeni. Iwe, pukuta misozi undigwirire uku, pali mkono wina wa malaya woti ndidule."